Kufunsira malo a maphunziro a udokotala pongomaliza Folomu 4: njira ya kuno ndi ya ku America

Chaka chilichonse, bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, kunyumba kwanga kuno ku Mangochi kumafika makolo angapo ali ndi mwana wawo amene wakhoza bwino masayansi, ndipo funso lawo limakhala limodzimodzi, loti mwanayu akufuna udokotala, nanga ayambire pati. Kale yankho lidali lalifupi chifukwa aliyense ankadziwa kuti njira ndi ya ku College of Medicine ku Blantyre. Masiku ano ena amabwera foni ili m'manja, n'kundionetsa uthenga wochokera kwa m'bale wawo wa kunja wonena kuti ku America kuli mapulogalamu otchedwa BS/MD, omwe amatenga mwana pongochoka ku sekondale n'kumusungiratu malo kusukulu ya udokotala. Uthengawo si wabodza, koma umasiya zambiri zosanena, ndipo zosanenedwazo ndi zimene zimawonongetsa banja ndalama.

Tiyambe ndi chifukwa chimene mapulogalamu amenewa adakhazikitsidwira. Ku America munthu salowa sukulu ya udokotala pongomaliza sekondale. Amayamba waphunzira digiri yoyamba kwa zaka zinayi, kenaka amalemba mayeso a MCAT, omwe malikisi ake amayambira pa 472 kulekezera pa 528, ndiyeno amafunsiranso malo kachiwiri kusukulu ya udokotala, komwe amakaphunzira zaka zina zinayi kuti alandire digiri ya MD. Pakhomo lachiwirili ndi pomwe anthu ambiri amabwerera, pakuti chaka chilichonse oposa theka la ofunsira sapeza malo paliponse. Mapulogalamu ophatikiza, omwe ena amawatcha BS/MD ndipo ena BA/MD, amasandutsa makomo awiriwa kukhala limodzi: wophunzira amafunsira kamodzi ali ndi zaka 17 kapena 18, ndipo akatengedwa amakhala ndi lonjezo la malo kusukulu ya udokotala, bola akwaniritse zimene agwirizana pa zaka za digiri yoyambayo.

Makolo ambiri amadabwa ndikawauza kuti chinthu chimene ana a ku America amachilimbirana choterechi ife kuno tili nacho kale. Digiri ya udokotala ya MBBS ya ku Kamuzu University of Health Sciences, imene anthu amangoitchula kuti KUHeS, imatenga wophunzira kuchokera ku Folomu 4, n'kumudutsitsa chaka chimodzi chokonzekera chimene ophunzira amachitcha primedi, kenaka zaka zisanu za udokotala weniweni, popanda kufunsiranso malo pakati pa ulendo. Sukulu imeneyi idabadwa pophatikiza College of Medicine, yomwe idatsegulidwa mu 1991, ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo idayamba kuyenda payokha mu 2021. Kwa ife a ku Mangochi si sukulu yachilendo, chifukwa ophunzira ake amabwera kudzaphunzira za umoyo wa anthu akumudzi ndi za udokotala wa pabanja pa chipatala chachikulu cha boma lino komanso ku Lungwena. Choncho malangizo anga oyamba, omwe sindimawasintha ngakhale mwana akhale wanzeru chotani, ndi oti fomu ya kuno ikhale yoyamba kudzazidwa, ndipo za ku America zibwere ngati khasu lachiwiri.

Za fomu ya kuno

Malo a m'sukulu za ukachenjede za boma amafunsidwa kudzera ku National Council for Higher Education, kapena kuti NCHE, yomwe imalengeza m'nyuzipepala ndi pa tsamba lake la pa intaneti nthawi yolandira mafomu ikakwana. Wofunsira amayenera kukhala ndi makirediti osachepera asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, koma amenewo ndi malire ongolowera pampikisano. Pa udokotala amayang'anitsitsa Biology, Chemistry, Physics ndi masamu, ndipo popeza ofuna malo ndi ochuluka kuposa mipando, amene amatengedwa amakhala oti pa maphunziro amenewa ali ndi 1 kapena 2. Mwana amene ali ndi mapointi ochepa chifukwa adakhoza kwambiri Chichewa, Bible Knowledge ndi Social Studies, koma Chemistry ali ndi 5, asanamizidwe kuti mapointiwo amufikitsa ku MBBS.

Pa fomuyo wofunsira amasanja maphunziro amene akufuna motsatira chimene akuchifunitsitsa. Ikani MBBS pamwamba ngati ndi chimene mtima ukufuna, koma m'munsimo musalembe mongodzaza mizere. Za mankhwala, za mano, za kulabotale, za mafizo ndi za unamwino ndi maphunziro a ntchito zenizeni za m'chipatala, ndipo ndi bwino kuikapo zimene mungakazikonde mutapatsidwa. Lipirani ndalama ya fomu monga momwe chilengezo chanenera, sungani risiti yake, ndipo muijambule pa foni tsiku lomwelo. Mukasankhidwa, ngongole ya fizi ndi ya upukipu imafunsidwa payokha ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo nayonso ili ndi tsiku lake lotsekera limene silidikira munthu.

Funso loyamba pa za ku America

Musanalipire tambala iliyonse, musanalembe chimangirizo chilichonse, fufuzani ngati pulogalamu imene mwaiona imalandira munthu amene si nzika ya America ndipo alibe chilolezo chokhalitsa m'dzikomo, chimene amachitcha green card. Ambiri mwa mapulogalamu ophatikizawa salandira alendo, ndipo a m'mayunivesite a boma amakonderanso ana a m'chigawo chawo chomwecho. Ndidaonapo mnyamata wina amene adatha miyezi iwiri akukonza zolemba za sukulu zisanu ndi imodzi, akugula mabandulo ndi ndalama za nsomba zimene bambo ake ankamupatsa, n'kudzazindikira sabata yomaliza kuti zisanu mwa sukuluzo zidalemberatu m'munsi mwa tsamba kuti zimafuna nzika zokha. Chiganizo chimenecho chimapezeka pa tsamba la pulogalamu yeniyeniyo, osati pa tsamba lalikulu la yunivesite, chifukwa yunivesite ikhoza kumalandira alendo ku digiri yoyamba pamene sukulu yake ya udokotala sikuwalandira. Ngati tsambalo silikumveka, lembani imelo yaifupi ku ofesi yolandira ophunzira, yonena kuti ndinu Mmalawi, muli ndi MSCE, ndipo mudzafuna viza ya ophunzira ya F-1, n'kufunsa ngati mukuloledwa kufunsira. Sungani yankho lawo.

Mayina amene mudzakumana nawo ndi monga Program in Liberal Medical Education, kapena PLME, ya ku Brown University mumzinda wa Providence, yomwe ndi ya zaka zisanu ndi zitatu, imalandira mafomu a alendo, ndipo sikakamiza ophunzira ake kulemba MCAT ngati akukhoza bwino. Palinso Rochester Early Medical Scholars ku University of Rochester ndi Pre-Professional Scholars Program ku Case Western Reserve University mumzinda wa Cleveland, zonse za zaka zisanu ndi zitatu. Penn State imagwirizana ndi Sidney Kimmel Medical College pa pulogalamu ya zaka zisanu ndi ziwiri, chimodzimodzinso Rensselaer Polytechnic Institute ndi Albany Medical College, pamene University of Missouri–Kansas City imamaliza zonse m'zaka zisanu ndi chimodzi pophunzitsa pafupifupi chaka chonse popanda tchuthi chachitali. Ndatchula mayinawa kuti mukhale ndi poyambira kufufuza, osati kuti onsewa atsegulira Mmalawi chitseko. Dziwaninso kuti mapulogalamuwa amatsekedwa ndithu: Northwestern University ndi Boston University adali ndi otchuka kwambiri koma adasiya kulandira ophunzira atsopano, ngakhale mayina awo akadali pa mindandanda yakale imene anthu amatumizirana pa WhatsApp.

Mipando yake ndi yochepa zedi. PLME, yomwe ili m'gulu la mapulogalamu akuluakulu, imatenga ana osakwana 100 pachaka kuchokera mwa zikwi za ofunsira a padziko lonse, ndipo ena amatenga khumi kapena makumi awiri okha.

Ndalama

Apa ndi pamene ndimapempha makolo kuti tikhale pansi ndi pepala ndi cholembera. Pa yunivesite yomwe si ya boma ngati Brown, fizi, malo ogona, chakudya, mabuku ndi inshuwalansi ya zaumoyo zikaphatikizidwa zimapitirira madola 80,000 pachaka, ndipo zaka zinayi za MD sizitsika mtengo. Zoona, mayunivesite ena olemera amathandiza mwana wosauka wochokera kunja pa digiri yoyamba, mwina mpaka kumulipirira zonse, akaona momwe banja limapezera kudzera pa fomu ya CSS Profile kapena fomu ina yofanana nayo. Koma chithandizo chimenecho kawirikawiri chimathera pa digiri yoyambayo. Ophunzira a MD omwe ndi nzika amadalira ngongole za boma lawo, zimene mlendo saloledwa kutenga, ndipo sukulu zina za udokotala zimafuna kuti mlendo aonetse, kapena aikiretu ku banki, fizi ya chaka chimodzi kapena ya zaka zonse zinayi asanayambe kalasi. Choncho mu imelo ija muwonjezere funso lachiwiri, lakuti ophunzira ochokera kunja amalipira bwanji zaka za MD. Lonjezo la malo amene simungathe kuwalipira likufanana ndi kupatsidwa ngalawa yopanda nkhafi, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi mukadali kumtunda.

Palinso tindalama tating'ono timene timakula tikasonkhana. Kutumiza fomu ku yunivesite iliyonse kumadya madola pafupifupi 70 kapena 80, mayeso olowera ku yunivesite otchedwa SAT kwa wolembera kunja kwa America amapitirira madola 100, ndipo mayeso a Chingerezi nawo ali ndi mtengo wake. Zonsezi zimalipidwa ndi khadi la ku banki lololedwa kugula kunja, chinthu chimene chimavuta masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja, choncho kambiranani ndi banki kapena m'bale amene ali ndi khadi lotere kudakali mwezi. Ndalama ya fomu ikhoza kukhululukidwa: pa tsamba lofunsirapo malo la Common Application pali malo opemphera zimenezo, ndipo mphunzitsi wamkulu amangotsimikiza kuti banja ndi lochepekedwa. Palibe manyazi pa zimenezi, ndipo kupempha sikuchepetsa mwayi wotengedwa.

Nthawi yake

Kalendala ya ku America imagwirizana bwino ndi miyezi imene mwana wa Folomu 4 amakhala pakhomo kudikira. Common Application, tsamba limene mayunivesite ambiri amalandirirapo mafomu, imatsegulidwa pa 1 Ogasiti. Mapulogalamu ophatikiza amatseka msanga kuposa mafomu wamba, ambiri pakati pa 1 Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala, ngakhale ena amafika kumayambiriro kwa Januwale. Oitanidwa kukafunsidwa mafunso amamva pakati pa Disembala ndi Malichi, mayankho omaliza amatuluka cha kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, wotengedwa amavomera pofika pa 1 Meyi, ndipo sukulu imayamba mu Ogasiti kapena Sepitembala.

Pali misampha iwiri pa kalendala imeneyi. Woyamba ndi wakuti mapulogalamuwa ndi a anthu amene sadayambe yunivesite. Mukalembetsa n'kuyamba makalasi ku KUHeS kapena kwina kulikonse, sukulu zambiri za ku America zimakuwerengerani ngati wosamuka kuchokera ku yunivesite ina, ndipo wosamuka saloledwa kufunsira BS/MD, choncho amene akufuna kuyesa mwayi umenewu ayese chaka chomwecho chimene walemba MSCE. Wachiwiri ndi Early Decision, yomwe ndi pangano lomanga: mumafunsira msanga sukulu imodzi, n'kusainira pamodzi ndi kholo ndi mphunzitsi kuti mukatengedwa mudzapita kumeneko ndi kubweza mafomu ena onse. Pa sukulu ngati Brown zimatheka kutengedwa ku digiri yoyamba koma osatengedwa ku PLME, choncho werengani panganolo mzere ndi mzere kuti mudziwe ngati likukumanganibe zikatero. Kwa banja limene likufunika kuyerekeza chithandizo cha ndalama cha sukulu zingapo, ine ndimalangiza njira wamba ya Regular Decision.

Mapepala ndi mayeso

Yambani ndi pasipoti, chifukwa imafunika polowa m'chipinda cha mayeso a SAT komanso pa viza, ndipo imatenga nthawi kuti ituluke. Pamenepa pali vuto limene ndimaliona kawirikawiri kuno kwathu, la mayina olembedwa mosiyanasiyana. Mwana pa chiphaso cha unzika ndi Yusuf, pa satifiketi ya MANEB ndi Yusufu, ndipo ku pulayimale adalembetsa ndi dzina la agogo ake aamuna amene ankamulera. Kwa ife zimenezi n'zomveka, koma kompyuta ya ku America idzaona anthu atatu osiyana, ndipo malikisi a SAT sadzalumikizidwa ndi fomu. Sankhani kalembedwe ka pa pasipoti, kagwiritseni ntchito paliponse, ndipo ngati satifiketi ikusiyana nako, konzani kalata yolumbira kwa majisitireti kapena kwa loya.

Sukulu ya sekondale iyenera kutumiza ndondomeko ya malikisi kuyambira Folomu 1 mpaka Folomu 4, yosainidwa ndi kudindidwa ndi mphunzitsi wamkulu, pamodzi ndi zotsatira za MSCE. Pemphani kuti awonjezerepo ndime yofotokoza kuti pa MSCE giredi 1 ndiye yapamwamba ndipo 9 ndi kulephera, kuti 1 ndi 2 ndi distinction, komanso kuti mapointi ochepa ndiwo abwino, popeza wowerenga amene sadziwa Malawi akhoza kuona 1 n'kuganiza kuti mwana adalakwa. Zaka zathu zisanu ndi zitatu za pulayimale ndi zinayi za sekondale zimakwana 12 monga za ku America, komabe si sukulu zonse zimene zimaona MSCE ngati yokwanira, ndipo pampikisano wa BS/MD mudzakhala mukulimbana ndi ana amene adaphunzira masayansi ozama a A-Level kapena International Baccalaureate. Funso lakuti kodi MSCE ndi yokwanira likhale lachitatu mu imelo ija.

SAT masiku ano imalembedwa pa kompyuta kudzera pa pulogalamu ya Bluebook, imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo ili ndi mbali ziwiri, ya kuwerenga ndi kulemba komanso ya masamu, malikisi onse pamodzi kuyambira 400 mpaka 1600. Amene amatengedwa ku mapulogalamu ophatikiza nthawi zambiri amakhala cha ku 1500 kapena kupitirira. Masamu ake sawopsa mwana amene adakhoza bwino MSCE. Chimene chimagwetsa ana athu ndi liwiro la kuwerenga Chingerezi, choncho yesererani ndi wotchi pambali pogwiritsa ntchito mayeso aulere a pa Bluebook ndi maphunziro a Khan Academy. Malo olembera mumasankha pa tsamba la College Board, bungwe loyendetsa mayesowa, ndipo konzekerani ulendo ndi malo ogona usiku umodzi. Sukulu zina zimafunanso mayeso a Chingerezi a TOEFL, IELTS kapena Duolingo English Test, koma zambiri zimakhululukira munthu amene waphunzira m'Chingerezi zaka zonse za sekondale ngati mphunzitsi wamkulu walemba kalata yotsimikiza.

Chimene amafuna kuona mwa inu

Malikisi amangokufikitsani pakhomo. Anthu amene akusankha akufuna kudziwa ngati mwana wa zaka 18 akudziwadi chimene akupempha, popeza akumusungira mpando umene akadapatsa munthu wa zaka 23 amene wayesedwa kale. Umboni umene amaukhulupirira ndi nthawi imene mwakhala pafupi ndi odwala. Pamenepa mwana wa ku Mangochi sali wosauka konse, kungoti sadziwa kuti zimene waona ndi chuma. Amene adakhalapo gadiyani wa mayi ake m'wodi kwa milungu itatu, akuphika kuchitando ndi kugona pansi pa bedi, waona chipatala mozama kuposa mwana amene adangotsatira dokotala masana awiri. Chimodzimodzinso amene adathandiza alangizi a zaumoyo pa sikelo ya ana, amene adayenda nawo pogawa mankhwala a likodzo m'sukulu za m'mbali mwa nyanja, kapena amene adatunga madzi a klorini m'mudzi pa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene idasautsa kwambiri boma lino.

Ngati mulibe zoterezi, miyezi yodikira zotsatira ndiyo nthawi yake. Lembani kalata yaulemu kwa mkulu wa chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi cha boma ku tauni, cha ku Monkey Bay, cha St Martin's ku Malindi kapena chipatala chaching'ono cha kwanu, yopempha kuthandiza ntchito zimene munthu wosaphunzira zachipatala angaloledwe, monga kulongosola mzere, kulemba m'kaundula kapena kumasulira pakati pa Chiyao ndi Chichewa. Akakana, musalowere kukhomo lakuseri kudzera mwa m'bale, chifukwa adzakufunsani amene adakulolani. Khalani ndi kope lolembamo tsiku, maola ndi chimene mwaphunzira, koma musalembe dzina la wodwala ndipo musajambule munthu aliyense. Pa Common Application pali malo a zochita khumi zokha, chilichonse chofotokozedwa ndi zilembo zosapitirira 150, ndipo ntchito za pakhomo monga kulera ang'ono anu, kugulitsa pamsika kapena kuyanika usipa zimaloledwa kulembedwa pamenepo.

Chimangirizo chachikulu cha pa Common Application chimakhala cha mawu pakati pa 250 ndi 650, ndipo mapulogalamu ophatikiza amawonjezera mafunso awoawo, makamaka lakuti chifukwa chiyani mukufuna udokotala ndi lakuti chifukwa chiyani mukufuna kulowera njira imeneyi. Pafupifupi mwana aliyense amene ndamuthandiza amayamba ndi chiganizo chonena kuti kuyambira ali wamng'ono ankafuna kuthandiza anthu, kenaka n'kufotokoza za umphawi wa Malawi ndi kuchepa kwa madokotala. Zimenezi owerenga adaziona kambirimbiri, ndipo sizinena kanthu za mwanayo. Mtsikana wina wa cha ku Namwera adandibweretsera chimangirizo chotere, ndipo titacheza nthawi yaitali adatchula mongodutsa kuti ankaperekeza agogo ake ku chipatala mwezi ndi mwezi kukatenga mankhwala a BP, n'kumawamasulira chifukwa agogowo amalankhula Chiyao chokha. Tsiku lina adokotala adadabwa kuti BP sikutsika, ndipo agogo adaumirira kuti akumwa mankhwala. Mtsikanayo ndiye ankadziwa kuti agogo ankagawana mapilitsiwo ndi mnzawo woyandikana naye amene sakadatha kulipira kabaza wopita ku chipatala, ndipo adaima pakati pa awiriwo osadziwa ngati amasulire zimene agogo anena kapena anene zimene iye akudziwa. Ndidamuuza kuti ang'ambe masamba awiri aja, alembe za mphindi imeneyo yokha, chimene adasankha, ndi chimene chidamuvuta pambuyo pake. Lembani nokha, m'Chingerezi chanu chomwecho, ndipo mphunzitsi angokuthandizani kuona zolakwika. Chimangirizo chogula kapena cholembedwa ndi makina chimaonekera tsiku la mafunso, pamene wolemba akulephera kufotokoza zimene akuti adalemba yekha.

Makalata a umboni amafunika atatu kawirikawiri: imodzi yochokera kwa amene ku America amamutcha counselor, udindo umene kuno angautenge mphunzitsi wamkulu kapena wachiwiri wake, ndi awiri ochokera kwa aphunzitsi, mmodzi mwa iwo akhale wa sayansi. Ife aphunzitsi a kuno tidazolowera kulemba mizere itatu yonena kuti mwanayu ndi wakhalidwe labwino, wolimbikira ndi womvera, ndipo kalata yotere, ngakhale ili yoona, imamupha mwana pampikisano umenewu. Apempheni mwaulemu kudakali mwezi wathunthu, apatseni pepala lowakumbutsa zimene mudachita m'kalasi mwawo, ndipo apempheni alembe tsamba lathunthu lokhala ndi zitsanzo, monga momwe mudapangira chipangizo cha pulakitiko sukulu italibe, kapena momwe mudaphunzitsira anzanu teremu imene kudalibe mphunzitsi wa Physics. Makalatawa aphunzitsi amatumiza okha kudzera pa imelo imene Common Application imawatumizira, choncho onetsetsani kuti imelo yawo ikugwira ntchito, ndipo ngati n'kotheka muwagulire bandulo. Tumizani zonse kutatsala masiku atatu kapena anayi, chifukwa magetsi ndi netiweki sizidziwa kuti lero ndi tsiku lomaliza.

Mafunso, viza ndi zotsatira zake

Mukaitanidwa kukafunsidwa mafunso, dziwani kuti mwadutsa kale anthu ambiri. Sukulu zina zimafunsa pa Zoom, zina zimafuna mufike, ndipo zina zimagwiritsa ntchito njira yotchedwa MMI, pomwe mumadutsa m'magawo angapo afupiafupi, lililonse ndi nkhani yake, monga chimene mungachite mnzanu atakupemphani kuti mumuonetse mayankho, kapena wodwala atakana mankhwala chifukwa cha chipembedzo. Safuna kuti mudziwe matenda, koma akufuna kumva momwe mumaganizira ndiponso ngati mumamvetsera. Ana athu adaleredwa kuyang'ana pansi polankhula ndi akulu ndi kuyankha mwachidule, zomwe kuno ndi ulemu, koma kumeneko amaziona ngati kusadzidalira, choncho yesererani ndi mphunzitsi kuyang'ana kamera ndi kuyankha ndi ziganizo zathunthu. Samalaninso za maola: kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Malichi, Malawi amatsogola ndi maola asanu ndi awiri poyerekeza ndi mizinda ya kum'mawa kwa America, kotero 10 koloko m'mawa ku Providence ndi 5 koloko madzulo ku Mangochi, nthawi imene magetsi amakonda kuzima. Pezeranitu chipinda cha phee chokhala ndi sola, ndipo mukhale ndi simukhadi ya Airtel ndi ya TNM, zonse zili ndi bandulo.

Kalata yokutengani ikabwera, werengani zimene akufuna kuti musunge malowo. Ambiri amafuna GPA, kutanthauza avereji ya malikisi anu onse, ya cha pa 3.5 mwa 4.0 pa zaka zonse za digiri yoyamba, ena amafunabe MCAT yofika pa malikisi amene iwo aika, ndipo ena amakulandani malo mukafunsira ku sukulu ina ya udokotala. Mukavomera ndi kuonetsa komwe ndalama zichokere, sukulu imatumiza fomu ya I-20 yotsimikiza kuti yakutengani, ndiyeno mumalipira madola 350 a SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira ochokera kunja, n'kudzaza fomu yofunsira viza ya DS-160 ndi kukaonekera ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe. Mu 2025 boma la America lidakhwimitsa malamulo a viza kwa Amalawi, ndipo malamulo oterewa amasintha mosachenjeza, kotero funsani ku ofesi ya kazembe kapena kwa alangizi a EducationUSA, omwe uphungu wawo ndi waulere, ngati ma viza a ophunzira akuperekedwa chaka chimenecho, ndipo muchite zimenezi musanayambe n'komwe kulipira mafomu. Munthu aliyense amene akukuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akupezereni malo kapena viza ndi wakuba.

Pomaliza pali nkhani yobwerera kumudzi, imene ana saiganizira koma makolo amaifunsa. Digiri ya MD payokha siloleza munthu kugwira ntchito ku America, chifukwa pamafunikanso mayeso a chilolezo otchedwa USMLE ndi zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri za residency, yomwe ndi kuphunzira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa, kotero amene wachoka ali ndi zaka 19 amadzakhala dokotala woima payekha ali ndi zaka cha ku 30 kapena kupitirira. Amalawi adayendapo kale njira imeneyi: Daniel Sharpe Malekebu adamaliza udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville mu 1917, ndipo Hastings Kamuzu Banda adamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937, koma adayenera kukaphunziranso ku Edinburgh popeza ulamuliro wa Britain sunkavomereza pepala la ku America lokha. Masiku ano amene amaona mapepala a dokotala wophunzira kunja ndi a Medical Council of Malawi, ndipo ndi iwo amene amagamula ngati munthu alembetsedwe, ayesedwe kaye, kapena ayambe wagwira ntchito moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, monga amachitira omaliza MBBS kwa miyezi 18. Alembereni kalata musanavomere malo kulikonse kunja, kaya ndi ku America, ku China, ku Russia kapena ku Zambia, yofunsa ngati sukuluyo amaizindikira, ndipo yankho lawo mulisunge m'fayilo imodzi ndi risiti ya NCHE ija.